Chilolezo Anapereka Ndani? Nyama, Migodi ndi Anamulondola ku Midlands

Munthu wa ku Kwekwe, Redcliff, Shurugwi kapena Zvishavane amene wasunga kandalama nkufuna kuti ana ake akaone njovu ndi maso awo, masiku ano sasowa womutenga. Pa WhatsApp ndi pa Facebook malonda ali mbwee. Wina akuti ali ndi basi yopita ku Hwange pa Isitala, wina akulonjeza Victoria Falls ndi chakudya chomwe, wina akuti musavutike ndi ulendo wautali, mikango ili pompano pa Gweru. Mitengo ndi yosiyana kutalitali, ndipo onse amadzitcha akatswiri. Kusankha pakati pawo kumaoneka ngati vuto la lero, lobwera ndi foni zam'manja. Koma m'dera limeneli funso lakuti ndani ayenera kutsogolera mlendo m'tchire, ndipo wamulola ndani, ndi lakale kuposa matauni enieniwo. Matauniwo anachita kubadwa kuchokera m'funso lomweli.

Azungu asanafike, dziko la pakati pa mitsinje ya Shangani, Sebakwe ndi Munyati linali kale dziko la golide ndi minyanga. Mabwinja a miyala a ku Naletale, cha ku Somabhula, ndi mboni ya mafumu a m'zaka za m'ma 1600 amene chuma chawo chinali ng'ombe, golide ndi njovu. Kusaka njovu sikunali kwa aliyense. Mlenje ankayamba wapempha kwa mwini dziko, ndipo njovu ikagwa, mnyanga umene wagunda pansi unkapita kwa mfumu, mlenje nkutenga wapamwambawo. Mchewa wodziwa mbiri ya kwawo alizindikira lamuloli, pakuti ndi lomwe linalemeretsa Kalonga ndi Undi kumpoto kwa Zambezi. Nyama inali ndi mwini, ndipo wodya za m'tchire ankasiya gawo kwa eni nthaka.

Alenje oyamba achizungu anagonjera mafumu, osati chifukwa cha ulemu koma chifukwa analibe mphamvu yokanira. Henry Hartley, mlenje wa njovu wochokera ku Transvaal, ankasaka ndi chilolezo cha Mzilikazi, mfumu ya Andebele, ndipo ngolo zake zinkadutsa pakati pa dziko, kuwoloka Sebakwe ndi Munyati kulowera ku Mupfure. Njirayi inadzatchedwa msewu wa alenje. Pothamangitsa njovu, Hartley ankaona maenje akalekale, nazindikira kuti kunali anthu amene ankakumba kanthu kena pamenepo. Mu 1866 ndi 1867 anatenga Mjeremani wodziwa za miyala, Karl Mauch, kuti ayende naye ngati mnzake wapaulendo chabe. Mauch anaona golide, nabwerera kum'mwera kukalengeza, mbiri nkumveka mpaka ku Ulaya. Mzilikazi analoleza kusaka njovu. Za golide sanaloleze, ndipo Mauch ankachita kubisa chimene ankafuna. Ndiye kuti ulendo woyamba wotchuka wa mlendo ndi namulondola wake m'dera lino unali wachinyengo: chilolezo chinkanena china, chochitika chili china.

Wotsatira anali Frederick Selous, amene anafika kwa Lobengula mu 1872 ali mnyamata wa zaka 20. Mfumu inamuseka kuti ndi mwana, koma inamulola. Patapita zaka 18, mu 1890, Selous yemweyo ndiye anali namulondola wa gulu la Cecil Rhodes limene linalowa kudzalanda dziko la Mashona. Tchire analidziwa posaka mololedwa ndi mfumu. Pofika 1894, Lobengula atagonja, Gwelo inakhazikitsidwa, ndipo mgodi wa Globe and Phoenix, umene unabala tauni ya Kwekwe, unakhomeredwa zikhomo pa maenje akale a golide onga amene Hartley ankawaona aja. Kenako kunabwera chrome ku Selukwe, asbestos ku Shabani, ndipo nkhondo yachiwiri itatha, ng'anjo za zitsulo ku Redcliff. Selous mwiniwake anasanduka munthu wotchuka ku England, ndipo mu 1909 anathandiza kukonza ulendo wa Theodore Roosevelt, pulezidenti wopuma wa America, wokasaka ku Kenya. Ulendo umenewo, wa amtengatenga mazanamazana, unathandiza kutchukitsa padziko lonse mawu a Chiswahili akuti safari, amene tanthauzo lake ndi ulendo basi. Ku Nyasaland ndi ku Fort Jameson azungu ankangobwereka mawu athu omwewa, nkumati bwana ali pa ulendo. Roosevelt akanatsikira pa Chinde m'malo mwa Mombasa, mwina lero makampani a ku London akanamatsatsa "ulendo" pa intaneti.

Migodi itayamba, nyama inasintha ntchito. Njovu zinali zitachepa, koma ntchefu, mphalapala, ngoma ndi njati zinasanduka ndiwo za antchito, chifukwa chipolopolo chinali chotchipa kuposa ng'ombe. Wolemba mbiri John MacKenzie anasonyeza m'buku lake la The Empire of Nature kuti nyama zam'tchire ndizo zinachirikiza chiyambi cha utsamunda: ofufuza miyala, omanga njanji, amishoni ndi apolisi, onsewa ankadyetsa anthu awo ndi mfuti. Mliri wa ng'ombe wa 1896 unapululanso njati ndi ngoma zosawerengeka. Zitatsala zochepa, boma la kampani ya Rhodes linakhwimitsa malamulo oteteza nyama, koma malamulowo anagwera munthu wakuda. Mfuti anali atalandidwa pambuyo pa nkhondo ya 1896 ndi 1897. Misampha, mbuna ndi maukonde zinaletsedwa. Laisensi inali ya ndalama zimene wantchito wa pamgodi sakanazipeza. Mdzukulu wa mlenje uja ankapereka mnyanga kwa mfumu anadzuka m'mawa wina ali wakuba m'tchire la agogo ake.

Apa mpamene anthu a kwathu akulowa m'nkhaniyi, ndipo akulowa wapansi. Eni migodi ankasowa antchito chifukwa Mashona ndi Andebele ankakonda kulima nkugulitsa chimanga kusiyana ndi kulowa pansi pa nthaka. Choncho maso anatembenukira kumpoto: ku Nyasaland, ku Fort Jameson, ku Tete. Msonkho unkakankha, malipiro a ku Rhodesia nkumakoka. Amuna a ku Dedza, Ntcheu, Dowa, Nkhotakota ndi Nkhata Bay ankanyamuka m'magulu, kuyenda milungu ingapo, kuwoloka Zambezi pa Tete kapena pa Feira, nkudutsa chigwa chotentha chimene lero alendo a ku Ulaya amalipira madola mazanamazana kuti akagonemo usiku umodzi. Mikango, njovu ndi ng'ona zimene ife timajambula ndi foni, iwo ankakumana nazo usana ndi usiku popanda galimoto yothawiramo. Ngati pali anthu amene anayenda safari yapansi yeniyeni m'chigwa cha Zambezi, ndi agogo athu, amene ambiri a iwo anadzasanduka matchona.

Nawonso ankayenera kusankha wowatengera, ndipo kusankha molakwa kunali imfa. Njira imodzi inali ya bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesian Native Labour Bureau, lokhazikitsidwa mu 1903. Bungweli linkalonjeza zonse zimene kampani ya ulendo imalonjeza: chakudya panjira, bulangete, pogona, bwato lowolokera. Koma munthu akangodinda chala sankasankhanso kopita. Ankamutumiza ku mgodi umene anthu oyenda okha ankaukana, pa malipiro otsika, kwa chaka chathunthu. Antchito analipatsa dzina lakuti chibalo, ndipo ndi dzina lomweli limene Charles van Onselen anapatsa buku lake la 1976, Chibaro, lofotokoza za migodi ya Southern Rhodesia. M'bukumo akuti pakati pa 1900 ndi 1933 antchito akuda oposa 30,000 anafera m'migodi, ambiri osati ndi ngozi koma ndi chibayo ndi matenda obwera chifukwa cha zakudya zoperewera.

Njira ina inali kuyenda paokha, motsogozedwa ndi munthu amene anapitako kale, wodziwa pamene pali madzi, mudzi umene umagulitsa ufa, doko lopanda asilikali achipwitikizi, ndi kanjira kozembera olemba ntchito a chibalo amene ankadikirira anthu anjala pamadoko. Munthu wotereyu sankasankhidwa chifukwa cha pakamwa pake. Ankamufufuza kaye: anapita liti, anabwera ndi chiyani, amene anapita nawo ali kuti? Ndipo nkhani zinkayenda m'njira momwemo. Obwerera kumudzi ankakumana ndi opita, nkukhala pamoto kuuzana mgodi wabwino ndi woipa, kapitawo wankhanza ndi wachifundo, komboni imene imapereka nyama ndi imene imangopereka mgaiwa ndi mchere. Van Onselen akufotokoza kuti ena ankasiya makalata pamitengo ya m'mbali mwa njira ochenjeza anzawo obwera m'mbuyo. Migodi inkapatsidwa maina amene mzungu sankawalabadira koma wapaulendo aliyense ankawadziwa. Mgodi wa Masterpiece unali Chayamatako, ndipo dzinalo likunena lokha za mkwapulo wa kumeneko. Wa Old Chum unali Makombera, kutanthauza kuti wazingidwa. Ku Selukwe, mgodi wa Bonsor unamveka kuti ngolodzedwa, ndipo antchito anaunyanyala mpaka eni ake anasowa pogwira. Ufiti umenewo unali kuchuluka kwa maliro. Tikamawerenga ndemanga za alendo pa Tripadvisor tisanalipire, tisaganize kuti nzeruyi yabwera ndi intaneti.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayambitsa malole onyamula anthu osalipira kuchokera kumalire, ndipo dzina lake linali lomwelo, Ulere. Mu 1946 kunabwera bungwe lina lolemba anthu ntchito limene ku Nyasaland linkadziwika kuti Mthandizi. Maina okoma onsewa, a Chichewa chenicheni. Koma Ulere unkafuna kuti munthu athere ku Rhodesia, asapitirire ku Joni kumene malipiro anali okwerapo, ndipo Mthandizi ankathandiza makamaka mwini famu ndi mwini mgodi amene anthu ankamuthawa. Amene anagula mafuta a loleyo ndiye ankanena kotsikira.

Amene anafika nakhazikika m'makomboni a Globe and Phoenix, Shabanie ndi migodi ya chrome ya ku Selukwe sankaonanso nyama zam'tchire kawirikawiri. Komabe anali atabwera nazo zawo. Pa maliro ndi pa masiku opuma, m'bwalo la komboni munkatuluka zilombo za Gule Wamkulu, zimene Mashona anazitcha zvigure: kasiyamaliro, njovu, mkango. Mwana wobadwira ku Shabani ankadziwa njovu ya gule asanaone njovu ya ku Wankie, ndipo ambiri anakalamba osaiona yachiwiriyo. Nchifukwa chake mawu a Robert Mugabe onyoza anthu a ku Mbare kuti alibe mutupo, kutanthauza mfunda, umene kwa Mashona nthawi zambiri umakhala dzina la nyama, anawawa kwambiri ana a matchona. A Phiri, a Banda, a Mbewe ndi a Nkhoma mfunda ali nawo. Chimene analibe ndi nthaka, ndipo m'dziko limeneli umwini wa nyama wakhala ukutsata umwini wa nthaka.

Pa nkhani ya nthaka ndi nyama, boma la atsamunda linkachita zinthu ziwiri zotsutsana nthawi imodzi. Mu 1928 linapatula nkhalango ya Wankie, imene lero ndi Hwange, nkutumizako mnyamata wa zaka 22, Ted Davison, kuti akaiyang'anire. Mbali yaikulu ya nkhalangoyo ndi mchenga wopanda mitsinje, ndipo Davison anayamba kukumba zitsime ndi kupopera madzi m'maiwe kuti nyama zisamachoke m'chilimwe. Koma kumpoto kwa Midlands, cha ku Gokwe, boma lomwelo linkapha nyama dala pofuna kuthetsa ntchentche za kashembe zimene zinkapha ng'ombe. Kuyambira 1919 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, nyama zoposa theka la miliyoni zinawomberedwa m'dziko lonse pa ntchitoyi. Owombera anali alenje akuda olembedwa ndi boma, otchedwa magocha, ndiye kuti owotcha nyama. Munthu yemweyo, luso lomwelo: ndi kapepala ka boma ndi wantchito, popanda kapepala ndi wandende. Ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 boma linasamutsira ku Gokwe ndi ku Sanyati anthu zikwizikwi, kuwachotsa ku Rhodesdale, dera lalikulu la cha pakati pa Kwekwe ndi Mvuma, kuti pakhale mafamu a azungu obwera kunkhondo.

Lamulo limene linabala malonda a safari monga tikuwadziwira lero ndi Parks and Wild Life Act la 1975. Lamuloli linapatsa mwini famu ulamuliro pa nyama zimene zili pa malo ake: akhoza kuzisunga, kuzigulitsa, kapena kuitana alenje ndi ojambula nkuwalipiritsa. Nzeru yake inali yakuti mlimi sangasunge chilombo chimene chikumudyera msipu popanda phindu, ndipo nzeruyo inagwira, pakuti mafamu ambiri a ng'ombe anayamba kusamala mbidzi ndi mphalapala zimene kale ankaziwombera. Koma mu 1975 eni mafamu anali azungu. Ufulu utabwera, mu 1982 lamulolo linakonzedwa kuti makhonsolo a madera a kumudzi nawonso athe kulandira ulamulirowo, ndipo mu 1989 ndondomeko ya CAMPFIRE inayamba ku Nyaminyami ndi ku Guruve, kenako nkufalikira ku maboma ena kuphatikizapo Gokwe North. Kampani yosakitsa alendo imachita lendi dera kwa khonsolo, ndipo theka la ndalama kapena kuposerapo liyenera kufika m'midzi imene njovu zimaidyera mapira. Ndi mnyanga wapansi uja, wabwerera utavala tayi. Zakuti ndalamazo zimafikadi ndi nkhani ina. Madandaulo akuti zimathera m'maofesi a khonsolo ndi akale ngati ndondomeko yomweyo. Ganizoli silinayambirenso ku Zimbabwe. Mu 1950, ku chigwa cha Luangwa, Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti apatule malo oonerako nyama, ndalama za alendo nkumapita kwa eni dera.

Ku Midlands kwenikweniko, chipatso cha lamulo la 1975 chinali Midlands Black Rhino Conservancy. M'zaka za m'ma 1980 zipembere zakuda za m'chigwa cha Zambezi zinkaphedwa mochuluka chifukwa cha nyanga zake, ndipo ngakhale boma linalola alonda kuwombera opha nyama mozemba, chiwerengero cha m'dziko lonse chinagwa mpaka kutsala mazana ochepa. Zina mwa zotsalazo anazinyamula pa malole kupita nazo pakati pa dziko, kutali ndi malire. Mu 1987 alimi a ng'ombe a cha ku Sebakwe, kum'mawa kwa Kwekwe, anagwirizana kuti mafamu awo akhale malo amodzi osungirako zipemberezo. Kenako kunabwera kugawa minda kwa 2000, mgodi wa Shabanie unagwa, ng'anjo za ZISCO zinazima mu 2008, ndipo anyamata a m'matauni a migodi anakhamukira m'tchire ndi mapiki kukasaka golide. Amawatcha makorokoza. Kumene kuli msasa wa anthu anjala sikusowa misampha ya waya, ndipo zipembere za ku Sebakwe zatsala zochepa kwambiri, zolonderedwa ngati ana a mfumu. Mgodi ndi nyama zinakumananso moipa ku Hwange mu 2013, pamene njovu zoposa 100 zinafa ndi madzi ndi mchere wothiridwa cyanide, mankhwala omwe aja ochotsera golide m'miyala. Nkovuta kudzudzula wokumba golide amene mwana wake wagona ndi njala. Koma ndi ana angati a ku Mbizo ndi Amaveni amene anauzidwapo kuti pafupi ndi damu limene amamwa madzi ake pali nyama imene anthu amakwerera ndege kudzaiona?

Wosankha kampani lero akulowa m'mbiri yonseyi, kaya akudziwa kaya sakudziwa, ndipo ali ndi chida chimodzi chimene agogo ake analibe. Zimbabwe inachita bwino kuposa maiko ambiri pa laisensi ya namulondola. Munthu amayamba walemba mayeso a nthambi yoona za nyama, Zimparks, okhudza malamulo, makhalidwe a nyama ndi mfuti. Akakhoza amangokhala wophunzira, ndipo ayenera kugwira ntchito zaka zosachepera ziwiri pansi pa wa laisensi yonse, kulemba m'buku zonse zimene wachita, kuphunzira chithandizo choyamba, kukhoza mayeso owombera, kufunsidwa maso ndi maso ndi akuluakulu a ntchitoyi, kenako nkukayesedwa m'tchire pafupifupi sabata yathunthu, kumanga msasa ndi kulondola nyama zoopsa oyesa akuona. Ambiri zimawatengera zaka zinayi kapena kuposa, ndipo olephera ngochuluka. Wophunzira akhoza kukuyendetsani pa galimoto, koma kutsika nanu yekha kumene kuli njati ndi mikango saloledwa. Choncho kufunsa kuti "namulondola wathu ali ndi laisensi iti?" si mwano. Mu Ogasiti 2015 namulondola Quinn Swales anaphedwa ndi mkango ku Hwange akuyenda pansi ndi alendo 6. Anaima pakati pa mkangowo ndi alendo ake, ndipo palibe mlendo amene anavulala.

Mwezi wa m'mbuyo mwake, Julayi 2015, nkhalango yomweyo inaonetsa mbali inayo. Mkango wotchedwa Cecil, umene unali ndi lamba wa akafukufuku a ku Oxford m'khosi, unalasidwa pa nyambo pa famu yoyandikana ndi paki. Wolasa anali dokotala wa mano wa ku America, Walter Palmer, amene akuti analipira madola pafupifupi 50,000. Akuluakulu a Zimparks anati famuyo inalibe chilolezo chopha mkango chaka chimenecho. Palmer anadziteteza ponena kuti anakhulupirira anthu amene anamukonzera ulendo, ndipo boma linati mapepala ake anali bwinobwino. Mlandu wa mlenje amene anamutsogolera, Theo Bronkhorst, unathetsedwa ndi khoti lalikulu mu 2016. Chimene chimandikhudza ine pa nkhaniyi ndi kufanana kwake ndi za Hartley ndi Mauch: mlendo ali ndi kapepala, womutsogolera ali ndi kapepala, koma mkangano nkudzabuka pa zakuti kapepalako kakunena za chinthu chimenechi, pa malo amenewa, kapena ayi.

Za mikango ya pa Gweru anthu amagawanika. Antelope Park, malo a Andrew Conolly amene anaduka mkono ndi mkango, inatchuka chifukwa cholola alendo kuyenda ndi ana a mikango oleredwa ndi anthu. Eni ake, pamodzi ndi bungwe la ALERT lokhazikitsidwa mu 2005, ankati cholinga ndi chakuti ana a mikangoyo adzabwezeredwe kutchire. Akatswiri ena a mikango, motsogozedwa ndi Luke Hunter, analemba m'magazini ya sayansi ya Oryx kuti mikango yoleredwa pamanja ilibe gawo pa ntchito yobwezeretsa mikango m'nkhalango, popeza kusamutsa yam'tchire yeniyeni kumatheka kale. Ndi mmene Malawi anabwezeretsera mikango ku Majete mu 2012 ndi ku Liwonde mu 2018. Ku South Africa, bungwe la makampani oyendetsa alendo la SATSA linalangiza mamembala ake mu 2019 kuti asiye malonda ogwira zilombo zolusa ndi kuyenda nazo. Malo a pa Gweru aja amalemba ntchito anthu a m'deralo, ndipo kwa ana ena a sukulu ndi kumene anaonera mkango koyamba. Zimenezo si zopeputsa. Komabe funso limene ndingafunse pa malo aliwonse otere ndi ili: mwana wa mkango akakula, nkufika posasisitika, amapita kuti? Woona mtima ayankha ndi maina a malo ndi ziwerengero.

Zotsalazo nzapafupi. Kampani yovomerezeka imalembetsedwa ku Zimbabwe Tourism Authority, ndipo satifiketi yake siyenera kukhala chinsinsi. Mtengo ukhale wolembedwa, wonena ngati ndalama yolowera m'paki, ya galimoto ndi ya namulondola ili momwemo, chifukwa mtengo wotsika modabwitsa umakonda kukathera pa geti, ana ali m'basi, bambo akupapasa m'matumba. Ulendo wa basi kuchokera ku Midlands kupita ku Hwange, kudzera ku Bulawayo, umadya pafupifupi tsiku lathunthu, kotero wolonjeza kupita Loweruka nkubwera Lamlungu akukugulitsani msewu, osati njovu. Nyengo nayo njofunika. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala nyama zimasonkhana pa maiwe aja anayamba Davison, pomwe pa Khrisimasi, anthu ali pa tchuthi ndi bonasi m'thumba, tchire limakhala lowirira ndipo njovu zimabalalika. Mapampu a pa maiwewo amafuna dizilo, sola ndi okonza. Makampani ena amasonkha, ena amangobweretsa alendo kudzajambula, ndipo nkoyenera kudziwa kuti yanu ili mbali iti. Koposa zonse funsani amene anapitako, monga ankachitira a ku Dedza ndi ku Ntcheu aja: amayi a Mvano, anzanu a bungwe la maliro, aphunzitsi amene anatengako ana chaka chatha.

Pa geti pali chinthu china chokhudza makamaka ana a matchona. Zimparks imalipiritsa mitengo yosiyana, wotsika kwa a m'dziko momwemo, wokwera kwa ochokera kunja, ndipo chimene chimatsimikiza kuti munthu ndi wa kuti ndi chitupa. Lamulo la unzika la 2001 linasandutsa anthu ambiri obadwira ku Shabani, Redcliff ndi Kwekwe kukhala alendo m'dziko lobadwira, chifukwa bambo kapena agogo anachokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabweza unzika kwa wobadwira m'Zimbabwe, wokhala m'dzikomo, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC. Koma chitupa sichisintha chokha. Munthu ayenera kupita ku ofesi ya kalembera ndi umboni, ndipo amene makolo ake anamwalira pa komboni osasiya pepala lililonse amasowa poyambira. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti la anthu opanda dziko a ku Zimbabwe, ambiri a iwo zidzukulu za antchito a m'migodi ndi m'mafamu, ndipo mutu wake unawafanizira ndi ziweto zosochera. Wokonza ulendo wa banja lotere afunse kampani, asanapereke dipoziti, kuti agogo amene ali ndi chitupa chakale kapena alibiretu adzalowa pa mtengo uti, ndipo yankholo lilembedwe pa risiti.